Mtchona wa Kuseri kwa Chulu

Kwathu kuno ku Mlangeni aliyense ali ndi dzina lake lotchulira chaka chimene chija. Abambo amati chaka cha ng'amba, ana amati chaka cha gaga. Ife amayi khumi ndi awiri amene tinali mu kalabu timati chaka cha mpanda, ndipo tikatero timayang'ana kumbali, wina n'kuyambitsa nkhani ina. Papita mvula zingapo tsopano. Ndikachikumbuka chimandibwerera ngati maloto a masana, aja umalota utatsamira khoma m'mimba muli pululu: zonse zimaoneka bwinobwino, koma sudziwa ngati unazionadi ndi maso. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinali ndi ana awiri, mbuzi zitatu, ndi mwamuna amene anali m'chaka chake chachisanu ndi chimodzi ku Joni.

Okutobala

Nkhani inabwera dzuwa lili paliwombo. Anaibweretsa ndi alangizi athu a zaulimi, a Kamwendo, mtsikana wowonda amene ankavala magambuti ngakhale kunja kuli fumbi lokhalokha. Anatipeza pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, pamene kalabu yathu inkakumana Lachitatu lililonse. Anati boma lalola kulima chamba.

Tinaseka mpaka misozi.

"Chamba chake chiti?" anafunsa aNachisale, wapampando wathu, mayi wamkulu amene kuseka kwake kunali kosowa ngati shuga wa mu Febuluwale. "Chomwe chija akumangira ana a eni ake?"

"Si cha m'phiri ayi, mayi. Ichi ndi cha mankhwala, chili ndi chiphaso."

Anafotokoza kuti chiphasocho n'chodula moti mudzi wathu wonse sungachikwanitse, koma bungwe lina lalikulu la alimi linali litatenga kale ndipo linkafuna makalabu olima pansi pa dzina lake. Mbewu abweretsa okha. Kampani yogula ilipo, ikufuna maluwa okha kuti ikafinye mafuta. Koma malamulo ake ndi a boma: munda ukhale m'mpanda, wolowa alembedwe dzina, tsamba ngakhale limodzi lisatuluke, ndipo wogula ndi kampaniyo basi. Chimene kampani yakana sichipita kumsika, chimaotchedwa akuboma akuona. Mawu otsirizawa tonse tinawamva, koma analowera khutu ili n'kutulukira linali. Mitima yathu inali kale pa malata atsopano ndi matumba a chimanga osanjikizana mpaka kudenga.

Feteleza chaka chimenecho tinkangomuonera m'sitolo. Choncho aNachisale atanena kuti, "Ine ndipereka munda wanga wa kudambo," manja onse anakwera m'mwamba. Munda umenewo ndi umene unkawadyetsa chaka ndi chaka, chifukwa sunkatha chinyontho. Ine ndinalibe munda wopereka. Ndinapereka manyowa onse a m'khola amene ndinkasungira chimanga changa, ndi manja anga awiriwa. Sindinganame kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita. Chamba chikalephera, ana anga analibe chakudya mpaka chaka chinacho.

Novembala

Mpanda tinamanga tokha ndi nsungwi ndi tsekera, wautali kuposa mwamuna wamtali. Pakhomo anakhomapo chikwangwani cha Chingerezi, ndipo pambali pake tinapachika buku lolembamo mayina m'jumbo ya pulasitiki. Abambo a m'mudzi ankaima panjira manja ali m'thumba, n'kumafunsana mokweza kuti kodi kwaya ya amayi iyamba kuimba nyimbo zanji chaka chino.

Loweruka ndinkapita ku Lizulu kukagulitsa timasamba ta kudimba, ndipo foni yanga ndinkatchajitsa pa sitolo ya che Saidi. Foniyo inali ya ntchito imodzi. Bambo a Tadala atangopita, inkalira Lamulungu lililonse. Kenako inayamba kulira kutha kwa mwezi, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako inangokhala chete. Koma ndinkaitchajitsabe, ndipo che Saidi sanandifunsepo chifukwa chake. Iwo ankadziwa nkhani za dziko lonse, poti madalaivala a malole ankamwera tiyi pakhonde pawo.

"Mayi, ndamva mwayamba ulimi wa mabwana," anatero akundipatsa foni. "Madalaivala akuti kunjako mafuta a chambacho amathira m'zakumwa. Botolo ngati la zoziziritsa kukhosi zomwezi. Munthu kumwa, nyamakazi kuthawa, tulo kubwera."

"Ndiye saledzera nazo?"

"Amayeza. Maboma a kumeneko ali ndi muyeso wake, akuti ukapyola pang'ono chabe katundu yense amataya. Ine sindingaike pa shelefu yanga, chipembedzo sichilola. Koma ndikadakonda kungoona mtundu wake."

Pobwerera, msewu uli kumanja, minda ya ku Mozambiki ili kutsidya kwake, ndinayenda ndi botolo limenelo m'mutu. Ndinkaona bambo a Tadala akulowa m'sitolo ya ku Joni atatopa, akutsegula firiji, akutenga botolo lobiriwira osadziwa kumene lachokera. Akangomwa kamodzi, pakamwa pawo panunkhira dothi la kudambo kwathu, n'kuima chilili pakati pa sitolo. Ndinafika kunyumba osadziwa kuti phiri ndalikwera nthawi yanji.

Disembala

Mvula inabwera bwino, yopanda ukali, ndipo tinawokera mbande kuchoka pa nazale m'masiku atatu. Tinali titazolowera kumva za mbewu imeneyi monong'ona, ndiye kuigwira m'manja masanasana, alangizi a boma akutiuza kutalikirana kwa mapando, kunkatichititsa manyazi ngati tavala chovala cha munthu wina.

ANachisale anagawa mizere. Aliyense anapatsidwa yake, ndipo ananena momveka kuti mizere ya munthu ndi nyumba yake: kupalira, kuthirira, kuchotsa tizilombo, zonse ndi za mwini. Iwo monga wapampando, mizere ya ena azingoyendera. Sitinatsutse, chifukwa tonse tinkadziwa mmene ntchito ya gulu imathera ikakhala ya aliyense. Yanga inali kumapeto kwenikweni, pakona pamene pali chulu chachikulu. Mizere iwiri yomaliza inkakhota n'kubisala kuseri kwa chulucho, moti munthu woima pakhomo la mpanda sakanaiona.

Chimanga changa ndinabzala mochedwa, pa nthaka yopanda kanthu. Chinamera chachikasu, ndipo ndinkachidutsa mofulumira ngati munthu amene ndamulakwira.

Januwale

Ufa wa chaka chatha unatha sabata yachiwiri. Pamsika mbale yoyezera chimanga inali yomweyo koma mtengo unkasintha Lachitatu ndi Loweruka, ndipo ogulitsa anasiya kuika kamulu pamwamba, ankasalaza ndi chikhatho. Tinayamba kudya kamodzi, madzulo. Masana ana ankatafuna mango otsalira, ine ndinkamwa madzi n'kumanga chitenje molimba.

Koma m'mpanda munali dziko lina. Chamba chinafika m'chiuno, chobiriwira mochita kuda, ndipo m'mawa nkhungu ikatsika kuchokera kumapiri inkakodwa m'masamba mwake n'kukhala momwemo mpaka dzuwa litakwera. Fungo lake linkamata m'zovala. Ukalowamo ndi njala unkaiwala kuti uli ndi mimba.

Kumapeto kwa mwezi a Kamwendo anatisonkhanitsa pakati pa munda.

"Mbewu iyi ili ndi amuna ndi akazi," anatero. "Mwamuna amathamangira kutalika, ndi wowonda, masamba ochepa, ndipo m'mphanda za nthambi amatulutsa timipira tolendewera. Mkazi amatulutsa tiubweya toyera. Mwamuna aliyense mukamuona muzule tsiku lomwelo, timipirato tisanatseguke, mumubweretse kudzenje timuotche."

"Onse?" wina anafunsa.

"Onse. Mmodzi yekha akhoza kupereka mimba munda wonsewu."

Phwete linaphulika. Aliyense anali ndi dzina la bambo wa m'mudzi loti atchule. ANachisale anadikira kuti phokoso lithe, n'kunena nkhope ili gwa, "Ndiye akamwini amenewo. Kubwera pamudzi pa eni, kudya, kusiya ana, ntchito osagwira." Kuyambira tsiku limenelo mbewu yamphongo inali mkamwini, ndipo kuzula tinkati kulongedzetsa katundu.

Ine ndi amene ndinafunsa funso lopusa. "Nanga alangizi, mkaziyo abereka bwanji popanda mwamuna?"

"Sitikufuna abereke, mayi. Akatenga mungu wa mwamuna amapanga njere, mphamvu yonse n'kuthera ku njerezo, ndipo maluwa a njere kampani sigula. Koma akasowa mwamuna amangotulutsa maluwa, kuwonjezera, kuwonjezera, onse omata ndi utomoni kuti mwina mungu ukadutsa aukole. Mafuta amene tikufunawo ndi a kudikira kumeneko."

Mtsikanayo ananena zimene anaphunzira kusukulu, analibe mlandu. Koma mwa amayi khumi ndi awiri amene tinaima pamenepo, asanu ndi awiri amuna athu anali kunja kwa dziko. Amuna a aNachisale anapita ku migodi iwo ali ndi pakati poyamba, ndipo mwana wa pakati pamenepo tsopano ali ndi imvi zake. Amuna otere, opita osabwerera, kwathu timawatchula matchona. Palibe amene anasekanso. Tinabalalika aliyense ku mizere yake, n'kuyamba kusuzumira m'mphanda za nthambi.

Febuluwale

Mvula inadula pa tsiku limene chimanga chinkayamba kutulutsa ngayaye. Sabata yoyamba tinati ikupuma. Yachiwiri masamba anapotana n'kuloza kumwamba. Yachitatu m'minda munkamveka phokoso la mapepala mphepo ikadutsa. Mitambo inkasonkhana masana cha ku Mozambiki, yakuda bii, n'kutiyang'ana, n'kubwerera.

Kuchigayo anthu ankapanga mzere wogula gaga, amene zaka zina timapatsa nkhumba. Ndinagulitsa mbuzi imodzi, kenako yachiwiri, pa mtengo umene sindifuna kuukumbukira. Oyandikana nane anazula malata a khitchini n'kupita nawo ku Lizulu pa njinga. Mabanja ena anatseka nyumba ndi minga n'kuwoloka msewu kukagwira ganyu m'minda ya mbatata ya kachewere. Mphekesera zinali zambiri kuposa ndiwo: akuti chimanga chaulere chafika pa boma, akuti ayi chapita ku Kasinje, akuti mayina alembedwa kale ndipo athu mulibe chifukwa ndife olemera, timalima chamba.

Ife tinkatunga madzi kumtsinje ndi ndowa pamutu, m'mawa ndi madzulo, kuthirira phando ndi phando. Akamwini tinawalongedzetsa onse, milu ndi milu, tikuwaimbira nyimbo zowatsanzika, ndipo munda unatsala wa akazi okhaokha. Anayamba kuchita maluwa monga ananenera alangizi. Nsonga zinatupa, tiubweya toyera tinachuluka, ndipo ukagwira zala zinkamatana.

Tsiku lina mwamuna wachilendo wa njinga yamoto anaima kunja kwa mpanda n'kuitana aNachisale. Anati ali ndi thumba la chimanga, akufuna jumbo imodzi yokha ya nsonga. Ine ndinali pafupi, ndipo m'kamwa mwanga munadzaza malovu.

"Chimenechi sichiledzeretsa, bambo," anatero aNachisale.

"Amene ndikawagulitsewo sadziwa."

"Pitani. Tsamba limodzi likatuluka muno, chiphaso chathetsedwa, amayi onsewa agwira ntchito pachabe."

Anabwerera ku mizere yawo osatembenuka. Ndinkadziwa kuti kunyumba kwawo dzulo lake anagonera nkhwani wopanda nsima. Ndinawalemekeza kwambiri tsiku limenelo, ndipo ndinawada pang'ono.

Malichi

Mvula inabwerera itachedwa, chimanga chitafa kale. Tinkadya maungu anthete ndi masamba ake, ndipo chiyembekezo cha nyumba khumi ndi ziwiri chinali m'mpanda muja.

Ndinamupeza Lolemba m'mawa, kuseri kwa chulu, mumzere womaliza. Mbewu imeneyo inali yofooka kuyambira pa nazale, yotsalira m'mbuyo, moti nthawi yozula akamwini inali isanaonetse kuti ndi ndani. Mvula itabwera inadzuka. Tsopano inali itaima yayitali kuposa anzake, yowonda, mapewa akugwa, ndipo m'mphanda zake munali timipira tobiriwira.

Ndinaika khasu pansi. Ndinamugwira patsinde. Ndiye m'malo mokoka, ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Mwafika liti?"

Mwina inali njala, poti ndinali ndisanalawe kanthu kuyambira dzulo masana, ndipo mutu unkayandama. Koma sindikufuna kunamizira njala zonse. Ndinamuona ngati munthu amene wabwera mochedwa anzake onse atapita, waima kuseri kwa nyumba, akuchita manyazi kugogoda. Uyu sanali mkamwini ayi. Uyu anali mtchona, wabwerera. Ndinayang'ana timipira tija, tinali tolimba, totsekeka. Ndinati ndizula mawa.

Lachiwiri ndinamupalira. Ndinamuuza kuti Tadala wakula, akufanana ndi azakhali ake, ndi kuti denga la kuchipinda likudontha. Ndinamufunsa ngati kumene anali kunkazizira. Lachitatu ndinamukalipira, ndinamuuza zonse zimene ndinasunga zaka zisanu ndi chimodzi, za foni, za maliro a mayi anga amene ndinaika ndekha, za mmene amuna a eni amandiyang'anira pachitsime. Iye ankangogwedera ndi mphepo osayankha, ndipo kunena zoona bambo a Tadala nawonso ankatero. Lachinayi sitinayankhulane. Ndinangokhala pamthunzi wa chulu, iye ataima pambali panga, tikuyang'ana akazi aja mizere ndi mizere mpaka kumpanda, onse atatupa, onse atatambasula tiubweya tawo kumwamba. Ndinawamvera chisoni choti sindinamverepo munthu. Tsiku lililonse pochoka ndinkati mawa, ndipo tsiku lililonse ndinkakhulupirira.

Lachisanu ndinalawira kuti ndikathane nazo. Nkhungu inali ikunyamuka, dzuwa likungotuluka kumene, ndipo nditazungulira chulu ndinapeza timipira tatseguka, tikulendewera ngati timaluwa ta chikasu. Kamphepo kanabwera kuchokera kumtsinje. Mtchona anagwedezeka kamodzi, ndipo kunatuluka utsi wopyapyala wagolide, unakwera pang'onopang'ono m'kuwala kwa dzuwa, unapendekeka, n'kuyamba kuyenda pamwamba pa munda. Unadutsa mizere yanga, unadutsa ya aNachisale, unapitirira mpaka sindinauonenso. Ndinaima pakamwa pali yasa. Ndiyenera kunena chimene ndinamva, ngakhale n'chochititsa manyazi: ndinakondwa. Kwa kanthawi kochepa thupi langa lonse linapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Kenako nzeru zinabwerera. Ndinamuzula, ndinamuthyolathyola, n'kumukankhira m'dzenje la chiswe pachulu pomwepo. Kudzenje lootchera sindikanapita naye, akanandifunsa. Ndinasamba m'manja kumtsinje, n'kukalemba dzina langa m'buku lotulukira ngati tsiku lina lililonse.

Epulo

Ndinapemphera kuti mwina mphepo inapita nawo kutali. Koma pasanathe masabata awiri tiubweya toyera tinafiira n'kufota nthawi isanakwane, ndipo nsonga zinasiya kumata, zinayamba kulimba. Amayi ankati ndiye kukhwima kumeneko. Tinadula, tinapachika m'chigafa chimene tinamanga mkati mwa mpanda, ndipo anzanga ankayenda pansi pake akuwerenga ndi maso zimene adzagule. Wina anali atauza kale mwana wake kuti abwerera kusukulu.

A Kamwendo anali atapita ku maphunziro mwezi wonse. Atabwera analowa m'chigafa akumwetulira, anathyola nsonga imodzi, naifikisa m'manja. Njere zinagwera m'chikhatho, zonenepa, zamawangamawanga. Anathyola ina kumapeto ena a chigafa, kenako ina. Anakhala pansi pa dothi ndi magambuti awo, ndipo ndinaona kuti ndi mwana ndithu.

"Munatsala mwamuna," anatero.

Aliyense analumbira kuti mizere yake inali yoyera. Inenso ndinalumbira, mawu anatuluka mosavuta moti ndinadabwa. Munthu wa kampani anabwera sabata yotsatira, anatenga pang'ono m'timabotolo, ndipo yankho linabwera pa foni ya alangizi: njere zachuluka, mafuta ndi ochepa, sagula.

Poyamba mlandu unagwera mphepo. Anthu anati mungu unachokera kumapiri a kutsidya, kumene anyamata amabisa chamba chawo. Koma mphepo sungaitukwane n'kukhutira, ndiye mlandu unasamukira kwa aNachisale. Ndi iwo anatikokera ku zimenezi. Ndi iwo anasankha munda wa pamphepo. Ndi iwo anakana thumba la chimanga. Ankayendera mizere ndi maso otani? Pachitsime amayi ankasiya kuyankhula iwo akafika. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala ndi malo. Iwo ankangoyenda mowongoka monga kale, koma chitenje chinayamba kuwazungulira kawiri. Ine ndinkawapatsa moni mwaulemu kwambiri kuposa onse.

Meyi

Anabwera Lachiwiri: akuboma awiri ndi mapepala awo, wapolisi mmodzi, ndi a Kamwendo. Wina mwa ife anapempha kuti atisiyireko njere zokha, poti tinamva kuti zimadyedwa, tikazinge ana atafune. Wamkulu wa akubomawo anavula chipewa, anati akumvetsa, koma pepala silimulola. Tinatulutsa tokha mitolo m'chigafa, tinaunjika pakati pa munda, ndipo wapolisi anayatsa.

Anatiuza kuti tiime kumene mphepo ikuchokera. Abambo a m'mudzi, aja ankatiseka, anakaima mwadala kumene utsi ukupita, atatsamira mpanda, akupuma mozama ngati odwala chifuwa pamaso pa dokotala. Anachokapo ndi kutsokomola kokha. Njere zinkaphulika m'moto, thethethe, ngati chimanga chokazinga, ndipo fungo lake linali la chakudya. Utsi unakwera woongoka, woyera, n'kukapindika pamwamba pa dambo. Amayi ena ankalira. ANachisale anaima okha, ndipo moto utazima anasaina pepala m'malo mwa tonse.

Kumunda kwanga ndinakolola madengu awiri a zitsononkho za mano ochepa. Ndinawayang'ana masiku atatu. Tsiku lachinayi masana ndinapita kwa aNachisale.

Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba zofumbwa m'lichero. Ndinakhala pansi chapatali, tinapatsana moni, tinadandaula za kuzizira. Kenako ndinanena zonse, maso ali pa zala za kumapazi anga. Ndinanena za Lolemba, za chulu, za dzenje la chiswe. Za kukondwa kuja ndinanenanso. Ndinati anthu akuwasenzetsa katundu amene ndi wanga, ndipo Lachitatu ndikaima pamaso pa kalabu.

Manja awo sanasiye kusankha nyemba.

"Wamtali uja," anatero. "Wopendekera kumtsinje."

Ndinadzutsa mutu.

"Ndinamuona Lachiwiri, aNamoyo, inu mutapita kukatunga madzi. Pansi pake panali popalira bwino kuposa mizere yanu yonse."

"Ndiye bwanji simunazule, mayi?"

"Ndinamugwira." Anakweza dzanja lamanja n'kuliyang'ana ngati la munthu wina. "Koma mwamuna wa m'nyumba ya mwini amathamangitsidwa ndi woyandikana naye? Ndinati mwini wake alipo, akumudziwa, amutulutsa yekha akakonzeka. Lachitatu ndinabweranso, ndinamva mukuyankhula, ndinabwerera pachulu. Lachinayi ndinakupezani mutakhala naye, ndinabwereranso."

"Alangizi anati tsiku lomwelo."

"Anatero." Anatola kanyemba kobooka, anakayang'ana, anakabwezera m'lichero momwemo. "Inu mwadikira zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinasiya kuwerenga mwana atakwatira. Ndiye nditaima paja ndinadzifunsa kuti masiku awiri, atatu, n'chiyani? Ndinaona ngati si nthawi n'komwe."

Mphepo ya mwera inkabweretsa phulusa kuchokera kudambo, linkatera pa nyemba, iwo n'kumaliuzira.

"Lachitatu tikaima awiri," anatero. "Inu mukanene za masiku anu anayi, ine ndikanena za atatu anga. Sendezani kuno, maso angawa saonanso zofumbwa."

Ndinasendera, ndipo tinasankha nyembazo mpaka zinakwana mphika umodzi.